Sipini imayambira m'dothi: mmene mungakonzere pitchi yokhotetsa mpira kuno ku Salima

Funso ili landitopetsa tsopano. Timu ya kriketi ikangopita ku India kapena ku Sri Lanka nkukagwa ngati mango a mu Disembala, foni yanga siyipuma. "Akulu, mpira uja wakhota bwanji chonchija, eni bwalo sanabere?" Enanso ndi aphunzitsi amene akufuna anyamata awo aziphunzira sipini, kuponya mpira mouzunguza kuti ukatera ukhote, akuti tiwuzeni kagwiridwe ka mpira. Ndayankha pa WhatsApp, ndayankha nditaimirira pa Kamuzu Road njinga ili m'manja, wina mpaka anandifunsa pa maliro monong'ona. Ndiye ndilembe kamodzi, wofunsanso ndizingomutumizira izizi.

Zala tizikamba, musadandaule, koma tiyambira pansi, chifukwa mpira umakhota pokhapokha msoko wake ukaluma dothi. Kuno kwathu Test sitimenya, mayiko a Test alipo 12 okha ndipo apafupi nafe ndi Zimbabwe ndi South Africa, koma zimene amachita okonza bwalo ku Galle ku Sri Lanka kapena ku Chennai ku India nzomwezo mungachite pa bwalo la sukulu, kusiyana ndi zida basi.

Mawu ochepa kaye kuti tisataye anzathu. Pitchi ndi kamzere ka dothi kaja kapakati pa bwalo pamene mpira umatera. Masitampu ndi timitengo titatu tija. Ova ndi mipira 6. Ma run ndi mapointi a omenya, kutenga wiketi ndi kutulutsa womenya mmodzi, iningi ndi nthawi imene timu imodzi ikumenya. Test, masewera aatali aja a pakati pa mayiko, imatenga masiku 5, maova 90 pa tsiku, ndipo pitchi ndi imodzi yomweyo masiku onsewo, sithiriridwa madzi masewera akayamba. Gwirani mfundo imeneyi, nkhani yonse yagona pamenepo.

1. Pezani malo, yezani

Kutalika ndi mamita 20.12 kuchoka pa masitampu kufika pa masitampu, mulifupi mamita 3.05. Mzere woima womenya uli mamita 1.22 kutsogolo kwa masitampu. Onjezani mamita awiri kapena atatu kuseri kwa mbali iliyonse kuti woponya asamachoke pa mchenga nkudumphira pa dothi lolimba, akakolo amapita choncho. Pitchi iloze kumpoto ndi kumwera. Mukailozetsa kunyanja ndi kumtunda, m'mawa dzuwa lili m'maso mwa wina, madzulo m'maso mwa mnzake. Pasakhale pa njira ya madzi, ndiponso pasakhale pa njira ya mbuzi, ngakhale mbuzi za kuno sizidziwa malire.

2. Dothi

Apa ndi pamene ambiri amandikwiyitsa. Munthu amabwera ndi ngolo ya mchenga wa ku Senga Bay, akuti paja pa TV fumbi limatuluka ndiye mchenga uthandiza. Ayi ndithu. Mchenga sugwirana, mpira ukatera umangofera pomwepo ngati mwauponya mu ufa, sunjanja, sukhota. Fumbi mumaliona pa TV lija ndi dongo louma limene layamba kunyenyeka pamwamba, pansi pake pali polimba ngati simenti.

Chimene mukufuna ndi dothi la dongo. Kuno tili nawo atatu. Makande, dothi lakuda la m'dambo lija lomata ku mapazi nthawi ya dzinja ndi kung'aluka mu Okutobala, amene munalimapo mpunga ku Lifuwu mukulidziwa. Katondo, lofiira lija la kumtunda. Ndi dothi la pa chulu. Ku India nakonso amakamba za mitundu iwiri, lofiira ndi lakuda: lofiira, ngati la ku Wankhede ku Mumbai, limauma msanga, mpira umanjanja bwino ndipo limayamba kunyenyeka masiku akamapita, pamene lakuda limasunga madzi nthawi yaitali ndipo kawirikawiri mpira umabwera chapansi mochedwa. Ku England dongo m'dothi la pitchi limakhala cha m'ma 30 pa 100, ku Australia limapyola theka, nchifukwa chake ku Perth mumaona ming'alu ikuluikulu koma pitchi osayoyoka kwenikweni.

Ine ndimakonda kusakaniza makande ndi katondo, chifukwa makande okhaokha ndi dzuwa la kuno amang'aluka mpaka kumeza kiyi wa loko wa njinga. Koma musangomvera ine, yesani dothi lanu. Sefani, nyowetsani, umbani timipira ngati mazira a nkhunda, kena ka makande okha, kena ka katondo yekha, kena kosakaniza. Tiikeni pa mthunzi m'nyumba sabata yathunthu. Kenako finyani ndi zala. Kakaphwanyika mosavuta, dothilo mulibe mphamvu. Kakalimba mpaka kufuna kukapondera ndi chidendene, limenelo ndiye. Kakang'aluka kokha kasanakhudzidwe, dongo lachuluka, onjezani katondo.

3. Yalani, bzalani kapinga

Kumbani masentimita 20 mpaka 25. Pansi miyala ing'onoing'ono kuti madzi azidutsa, pamwamba dothi lanu losefa lokwana masentimita 12 kapena 15. Musathire lonse kamodzi. Thirani pang'ono, tsenderani, palani pamwamba ndi reki kuti lotsatira ligwirane ndi linzake, thiraninso. Mukapanda kupala, dothi limakhala m'magawo ngati mabuku osanjikiza, ndipo pitchi yotero mukaigogoda imalira ngati ng'oma, mpira sunjanja.

Udzu wake ndi kapinga, yemweyu amativutitsa m'munda, ndiye amenenso amabzala pa mapitchi a m'mayiko otentha. "Nanga udzu wachani pamene tikufuna sipini?" Mizu, achimwene. Mizu imamanga dothi, komanso imakoka madzi a pansi penipeni pamene dzuwa silifika. Ntchito iyi ichitike nthawi ya mvula kuti kapinga agwire, kusewera muyambe mvula itatha.

4. Madzi, rola ndi kuumitsa

Apa khalani pansi. Malangizo ambiri amangoti thirirani, gudubuzani rola, mwatha. Koma pitchi imakhala kapena kufa pa sitepe imeneyi, ndipo palibe wotchi imene ingakuuzeni nthawi, ndi chala chanu.

Rola kaye. Ya ku mabwalo a Test ndi ya injini, yoposa tani. Ife timatenga diramu ya malita 200, kulowetsa paipi yachitsulo pakati, kudzadza konkire. Ikauma imafika cha m'ma kilogalamu 450 kupita mtsogolo, anyamata atatu amaikoka. Pezaninso yopepuka, diramu ina yothira madzi theka imakwana.

Yambani patatsala masiku 10 mpaka 14. Tsiku loyamba ndi lachiwiri thirirani mpaka madzi alowe masentimita 10 kapena kuposa. Osakhuthula ndowa, madzi amangothamangira kumbali, pamwamba pokha nkunyowa. Gwiritsani kheni yothirira kudimba, pang'onopang'ono, madzulo dzuwa litapepa, kubwereza kangapo. Kuti mudziwe, tengani msomali wa mainchesi 6, ubayeni cha kumphepete. Ukalowa wonse popanda kulimbana nawo, madzi afika. Ukaima pakati, pitirizani kutunga, ngakhale amayi a pa mjigo akuyang'aneni ndi diso loipa.

Tsopano dikirani. Kudikiraku ndiye kumakanika anthu. Dothi likakhala lonyowa kwambiri rola sitsendera kanthu, madzi sapsinjika, imangozira pamwamba. Likauma kwambiri rola imangoyenda ngati pa tala. Pali kanthawi pakati apo pamene dothi lili ngati dongo limene woumba mbiya akuti lapsa, ndi pamenepo. Dinani ndi chala chachikulu. Madzi akanyezimira m'kabowoko kapena dothi likamata ku chala, sanafike. Chala chikasiya kachidindo koma nkuchoka choyera, itanani anyamata. Mu Juni kukuzizira kanthawi aka kakhoza kutenga tsiku lonse, mu Okutobala kamangokhala ka m'mawa, mukamati ndimwe kaye tiyi kadutsa.

Yambani ndi rola yopepuka, kenako yolemera. Muziyenda pang'onopang'ono ngati mukuperekeza mkwatibwi, mphindi 20 kapena 30, kenako musiye dothi lipume litaye madzi, mubwerenso madzulo kapena m'mawa mwake. Kugudubuza maola atatu osaima nkungotopetsa ana a eni. Dothi likamamata ku diramu, imani pompo.

Pitchi yanga yoyamba ndinaiphera apa. Tinathirira Lachisanu, Loweruka m'mamawa anyamata anali atabwera kale, ndinachita manyazi kuwabweza, ndiye tinagudubuza pa matope. Pamwamba panaoneka bwino zedi, pa see ngati m'nyumba mozira kumene, anthu odutsa mpaka kuima kuyamikira. Tsiku la masewera mpira unkafika pa masitampu ukukwawa. Nditabaya msomali, masentimita awiri a pamwamba anali gwa, pansi pake phala. Chigamba cha pamwamba chinatsekera madzi mkati.

Ndiye chinsinsi chake nchakuti pitchi iume kuchokera pansi, mofanana, osati pamwamba pokha. Ndipo vuto lathu kuno kunyanja ndi losiyana ndi la ku England. Iwo amalimbana kuti iume, ife timalimbana kuti isaume msanga. Dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limawotcha pamwamba tsiku limodzi, ming'alu nkutseguka pansi pakadali chinyontho, ndipo ming'alu yotero m'mphepete mwake mumagwedera ngati dzino. Chaka chachiwiri ndinalakwira mbali imeneyi, ndinaisiya pa mtetete masiku awiri nditapita ku Lilongwe, pobwera mpira wina ukukwawa wina ukudumpha, kamnyamata kena kanaulandira pa chibwano, mayi ake anabwera kunyumba kwanga ndipo sanabwere kudzacheza. Chiyambire pamenepo masana ndimafunditsa ziguduli kuyambira cha m'ma 10 mpaka 3 koloko, m'mawa ndi madzulo nkuvundukula kuti mphepo ipite. Pulasitiki wakuda wofolerera nyumba uja ndi wa mvula yokha, mukamusiya pa dzuwa amaphika kapinga.

Mudziwa bwanji kuti yapsa? Msomali ukane kulowa. Mukagogoda ndi chidendene cha bati imveke gwa, osati phu. Gwetsani mpira kuchokera pamwamba pa mutu wanu malo angapo, uzinjanja mofanana ponseponse. Pamene wanjanja pang'ono, pansi pake pakadali madzi.

5. Masiku omaliza, ndi nkhani ya kubera ija

Kufika apa pitchi ya sipini ndi ya oponya mwaliwiro zakonzedwa chimodzimodzi. Zimasiyana kumapetoku. Wofuna kuthandiza a liwiro amasiya udzu wobiriwira ndi kachinyezi. Wofuna sipini amasiya kuthirira msanga, amameta kapinga mpaka mamilimita 3 kapena 4, nkusesa ndi burashi yolimba kuti dothi lionekere, makamaka potera mpira wa sipini. Wopanda makina ometera, sizasi ya mpanda ndi mawondo anu. Khasu ayi. Mukapala ndi khasu mwaswa pamwamba masewera asanayambe, tsiku loyamba lomwelo ndi munda.

Ndiye eni bwalo amabera? Malamulo sakaniza dziko kukonza pitchi yokomera oponya ake, England imasiya udzu, India imaumitsa. Onani Pakistan mu Okutobala 2024. Test yoyamba ku Multan England inamenya ma run 823, Harry Brook yekha 317. Yachiwiri anaimenyera pa pitchi yomweyo yotopa kale, ndipo oponya sipini a Pakistan, Noman Ali ndi Sajid Khan, anagawana mawiketi onse 20. Yachitatu ku Rawalpindi anafika poika zimafani zikuluzikulu ndi mahita kuti pitchi iume, awiri omwewo nkutenga 19, Pakistan nkupambana 2-1. Zonsezo zololedwa. Malire ake ndi akuti pitchi isakhale yoopsa kapena yopanda chilungamo pakati pa bati ndi mpira, ICC, bungwe loyang'anira kriketi padziko lonse, imapereka malikisi masewera akatha. Ya ku Indore ku India mu Malichi 2023, imene inkakhota kuyambira ola loyamba nkutha m'mawa wa tsiku lachitatu, inadzudzulidwa ndi kupatsidwa mapointi a chilango, ngakhale anadzawachepetsa India itadandaula. Komanso inapweteka eni ake, Nathan Lyon, woponya sipini wa Australia, anatenga 8 mu iningi yachiwiri Australia nkupambana. Mu 2024 New Zealand inakakwapula India 3-0 kwawo komweko, Mitchell Santner 13 ku Pune, Ajaz Patel 11 ku Mumbai. Maganizo anga ndi akuti pitchi yokhota mopyola imafananitsa katswiri ndi wongoyesa. Ku Ahmedabad mu 2021, Test ya India ndi England inatha masiku awiri, Joe Root wa England amene ntchito yake ndi kumenya anatenga mawiketi 5 kwa ma run 8. Kwa ana ophunzira pitchi yotero ndi poizoni, amadziona ngati Muralitharan, katswiri wa sipini wa ku Sri Lanka, chonsecho ndi dothi likuwagwirira ntchito.

6. Tsopano zala

Pali njira ziwiri. Off-spin ndi ya zala. Tambasulani chamkombaphala ndi chapakati modutsa msoko, mpira usakhudze chikhatho, poponya mupotoze ngati mukutsegula chitseko cha handulo yozungulira. Woponya wa dzanja lamanja, mpira umatera nkukhotera kumiyendo kwa womenya wamanja. Chamkombaphala chizipweteka, chituluke chikanga cha m'mbali. Ngati mwatha mwezi chala chili bwinobwino, mukungouponya, simukuuzunguza.

Leg-spin ndi ya pamfundo ya dzanja, povala wotchi paja. Zala ziwiri pamwamba pa msoko, cha mphete chipindike m'mbali, ndi chimenecho chimakwapula mpira dzanja likamatembenuka. Umakhota kuthawa womenya wamanja. Ndi yovuta, chaka choyamba mipira ina izigwera ku mapazi anu ina kuseri kwa wogwira kumbuyo, piriranibe. Fufuzani mpira woyamba wa Shane Warne wa Australia mu Ashes, mpikisano wa England ndi Australia, kwa Mike Gatting ku Old Trafford mu Juni 1993: unatera kunja kwa sitampu ya kumiyendo nkukagunda ya mbali inayo, Gatting anangoima kuyang'ana pansi. Googly, doosra, carrom ball, kaponyedwe kena kozunguza womenya mutu, zisiyeni kaye zimenezo. Aliyense amafuna kuyambira pamenepo.

Chigongono chisawongoke poponya, malire ndi madigiri 15, kupyola apo mukugenda. Off-spin ndi imene imakopa anthu kugenda, ndiye wina azikujambulani pa foni cha m'mbali. Malovu pa mpira analetsa kuyambira 2020, zizolowereni. Ndipo sipini si zala zokha, phazi lakutsogolo lizungulire pa zala zake, chiuno chitsatire. Woponya bwino amasiya kadzenje kozungulira pamene amaponda, ngati pamene nkhuku yasamba fumbi.

7. Potera mpira

Mpira wokhota kwambiri koma wotera pafupi nanu, womenya amauona, amabwerera mbuyo, amaumenya mmene akufunira. Malo ake ndi pamene akakamizika kutambasula mwendo kubwera kutsogolo koma osaufikira potera, masitepe awiri kapena atatu kutsogolo kwake. Yalani thumba la feteleza pamenepo, lipsinjeni ndi timiyala. Mipira 60 tsiku lililonse, muziwerenga yogunda thumba. Mukamafika 40 ndiyeno tikambe za googly.

Mpira ukwere pang'ono kupyola maso a womenya kenako ugwe msanga, wozungulira mwamphamvu umachita wokha zimenezi, umathanso kusendera m'mbali uli m'malere. Pemphani kaputeni muziponya moyang'anizana ndi mphepo, nthawi ya mwera ndiye kuti mukuloza kumwera, mphepo imaugwira mpira nkuugwetsa womenya asanaufikire. Liwiro limatengera pitchi. Pa yolimba ngati za ku Australia uponyeni m'mwamba, uzungulire chakutsogolo kuti unjanje, ndi mmene Lyon wapyolera mawiketi 500. Pa yofumbuka uthamangitseni, lozani masitampu. Anil Kumble wa India sankakhotetsa kwambiri koma anatenga mawiketi 619, kuphatikiza onse 10 mu iningi imodzi ndi Pakistan ku Delhi mu 1999. Ndipo ku Ahmedabad kuja ambiri anagwa ndi mpira wowongoka wa Axar Patel wa India, akudikira kukhota kumene sikunabwere.

8. Werengani pitchi tsiku ndi tsiku

Tsiku loyamba pa pitchi yabwino ya Test wa sipini ntchito yake ndi kutseka ma run, a liwiro apume. Lachiwiri ndi lachitatu ndi a omenya. Koma paja madzi saloledwa, rola imangololedwa mphindi 7 iningi isanayambe ndi m'mawa uliwonse ngati kaputeni wa omenya wapempha, ndiye dothi likuumirabe, ming'alu ikukula, nsapato za zisonga zikukumba. Pofika lachinayi ndi lachisanu pamakhala zigamba zokumbika pamene oponya mwaliwiro amaponda akamaliza kuponya, pa Chingerezi amati rough. Woponya saloledwa kuponda pakati penipeni, masentimita 30 mbali iliyonse ya mzere wa sitampu yapakati kuyambira mamita 1.52 kutsogolo kwa mzere wa womenya, ampaya amachenjeza kawiri kachitatu nkumuchotsa. Ndiye zigambazo zimakhala cha m'mbali. Woponya mwaliwiro wamanja amakumba kunja kwa womenya wamanzere, nchifukwa chake amanzere amavutika masiku omaliza. Wamanzere ngati Mitchell Starc wa Australia amakumba mbali inayo, kumukonzera Lyon malo. Nchifukwa chakenso wopambana tosi ku Asia amathamangira kumenya koyamba, safuna kukumana ndi zimenezi tsiku lachisanu. Muralitharan anatseka mawiketi ake 800 tsiku lomaliza ku Galle mu Julayi 2010.

Ife masewera athu ndi a tsiku limodzi, ndiye kuti ana alawe za tsiku lachinayi ndimachita za ku Multan: pitchi imodzi Loweruka katatu osathirira, kungosesa ndi kudutsitsa rola yopepuka. Loweruka loyamba a sipini amadandaula, lachitatu omenya ndi amene amadandaula. Mpira ukangoyamba kudumpha kufika pachifuwa popanda chifukwa, tsekani, musadikire chibwano cha mwana wa eni. Sesani fumbi lonse m'maenje, nyowetsani, thirani dothi lomwe lija munasefa, osati lina la pafupi chifukwa siligwirana, tsenderani ndi mtengo wa musi, bwezeranimo kapinga, thirirani, tchingani ndi minga. Sungani matumba awiri atatu a dothilo pa khonde kuyambira pachiyambi, chifukwa mu Febuluwale ku dambo ngolo siifika.